Galasi la Adona ndi Ukwati wa Tadala

LOLEMBA

M'mawa. Ndivomere poyamba, Ambuye: usiku wathawu sindinagone, ndipo sichinali chifukwa cha pemphero. Ndi galasi. Lapezeka! Che Saidi, mnzanga wa ku Mangochi amene amawongola magalimoto ku Actonville, anandiimbira dzulo kuti ku sikirapu ina yophwasulira magalimoto akale ku Brakpan kuli galasi lakutsogolo la Adona, lathunthu, lopanda ndi kachipsera komwe. Ndakhala ndikutembenuka pabedi ngati usipa pachiwaya, mpaka akazi anga Anabanda anati, "Ngati ndi nsikidzi nenani, ndiwiritse madzi."

Adona ndi galimoto. Ndilembe momveka, kuopa kuti zidzukulu zingadzawerenge n'kuyesa kuti ndinali ndi chibwenzi ku Joni. Galimoto yakalekale, yamtundu wa kirimu, mipando yachikopa, chiwongolero chachikulu ngati lichero. Abwana amene ndinawalimira maluwa zaka zambiri anandipatsa tsiku limene ana awo ankawatengera kunyumba ya okalamba. Anati, "Itenge iwe, ndiwe wekha amene umaipatsa moni m'mawa." Injini ikadali ndi moyo, imangotsokomola kaye isanalankhule. Koma matalala a chaka chatha anang'alula galasi kuchokera pakona mpaka pakona.

Nkhani ndi iyi: Loweruka lino Tadala akukwatiwa. Mwana wa mlongo wanga. Mayi ake ali kumudzi ku Balaka, ndiye kuno malume ndine, nkhoswe ndine, zonse ndine. Pa msonkhano wa ankhoswe, a Matewere, amalume a mkwati, anadzitama kuti abwereka galimoto yatsopano, ya mphepo yozizira m'kati, yodzanyamula mkwatibwi. Chimene chinandiimiritsa sindikuchidziwa. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Mwana wathu adzakwera Adona." A Matewere anaseka mpaka kupukuta misozi. "Aja osweka kumaso aja?"

Tsono tiona! Galasi latsopano, mphira yatsopano, ndipo mkombero wachitsulo wonyezimira wozungulira galasi, umene Che Saidi amati kolomu, uwale mpaka a Matewere awerenge mano awo m'menemo.

Kodi uku ndi kunyada? Ndikuganiza kuti ndi chikondi. Mwina zasakanikirana pang'ono, ngati mchenga mumpunga.

Masana. Zofunika:

galasi (lapezeka, aleluya!)
mphira ya m'mbali (Che Saidi ali nayo)
chingwe chopyapyala koma cholimba (chilipo choyanikira zovala cha a Mastandi, eni bwalo lino, ndipemphe, ndisangomasula)
sopo
maliboni oyera
kudzichepetsa

Kuntchito ndapempha tchuthi cha sabata yonse. Ndati ndi za ukwati. Si bodza.

Madzulo. Tadala waimba foni. "Amalume, ndawauza kale amayi kuti ndidzakwera Adona. Akuti adzaonera pafoni, aitana ndi anansi omwe." Ndamuuza kuti asade nkhawa, Lachinayi zonse zikhala zitatha. Nditadula ndapita kukawauza Adona. Sanatsutse.

LACHIWIRI

M'mawa. Ulendo wa ku Brakpan! Ndanyamula bulangete lathu lalikulu, lija la chithunzi cha kambuku. Anabanda sakudziwa, anali atapita kale ku renki ya matekisi kukagulitsa mandasi. Ndidzawauza.

Ndaliona! Ndaligwira! Lopindika bwino m'mbali, ngati chipumi cha munthu wanzeru. Mwini sikirapu, mzungu wa kabudula ndi miyendo yofiira, akuti lina lotere sindidzalipeza dera lonse lino. "Ukaliswa usabwerenso, ukalire kwanu." Ndamuyankha kuti ife timayenda ndi Mulungu. Wati iye amayenda ndi galu. Ndimupempherera.

Masana. Matekisi akundikana, wina akungoimika n'kuyang'ana bulangete n'kuthawa. Potsiriza dalaivala wina wavomera, koma akuti, "Baba, lento iyakhokha," ndiye kuti galasi nalo lilipire mpando wake. Lalipira. Takhala kumbuyo, ine ndi galasi, ndalikumbatira ngati wodwala wopita naye kuchipatala. Pa bampu iliyonse ndikuitana dzina la Ambuye, ndipo sindikuganiza kuti ndi pachabe.

Mayi wina wa chipewa chachikulu wandifunsa ngati m'bulangetemo muli chithunzi cha malemu. Ndati ayi, ndi za ukwati. Wati ndi chimodzimodzi. Tekisi yonse yaseka. Ine ayi. Kuseka kumagwedeza.

Kuchokera pa renki mpaka kunyumba ndayenda cham'mbali ngati nkhanu. Anabanda andiona ndikudutsa patsogolo pa beseni lawo la mandasi. Ayang'ana ine, ayang'ana kambuku. Apitiriza kugulitsa mandasi. Zimenezo ndiye zoopsa.

Madzulo. Ligona pati? Chipinda chathu ndi chimodzi. Pansi pali mbaula, ndowa, nsapato, ndi mapazi a anthu. Panja pali agalu ndi anthu a maso aatali. M'galimoto simungakhale, chitseko chakumbuyo chimatseguka chokha chikasangalala.

Lagona pabedi. Ife pamakatoni.

Anabanda, akuyang'ana kudenga: "Zaka zonsezi ndinkaopa kuti mudzandibweretsera mkazi mnzanga. Sindinkadziwa kuti adzakhala woonekera m'kati, ndiponso wofunda bulangete langa."

Ndapempha chikhululukiro. Kenako ndalifunditsanso bwino chakumiyendo.

LACHITATU

M'mawa. Lero tichotsa lakale! Malangizo a Che Saidi pafoni: dulani mphira yakale ndi mpeni, kolomu ituluka yokha, musaitokose. Koma mphirayo yauma ngati chikopa cha mvuu, mpeni ukungoterereka. Ndangotokosa pang'ono. Ndi supuni. Pang'ono chabe.

Kolomu yapindika. Mbali ya kumanja tsopano ili ngati chikwakwa. Supuni nayonso. Ndaibisa kaye m'bokosi la zida, osati kuti ndiname, koma kuti nkhani zisamabwere zonse tsiku limodzi.

Masana. Galasi lakale amalikankha ndi mapazi uli m'kati. Ndagona chagada pampando, miyendo m'mwamba, ndikukankha n'kumabuula. A Mastandi atulukira ndi beseni, aona mapazi awiri pagalasi, akuwa, "Hawu, baba!" Akuyesa ndagwa khunyu, abwera ndi kapu ya madzi. Nthawi yomweyo galasi latuluka, latsetsereka pabonati, lakagwera pa mphika wawo wa maluwa.

Ndalonjeza kuwabzalira ena. Pa maluwa pokha palibe angandiphunzitse. Chingwe andibwereka, koma akuti chibwere msanga, ali ndi makatani ochapa.

Adona tsopano ali ngati munthu wochotsedwa mano akutsogolo. Musadandaule, Adona, mawa lomweli!

Mphira yatsopano yafika, yopotana ngati njoka yagona. Che Saidi akuti iviikidwe m'madzi ofunda kuti ifewe. Beseni lokwanira ndi limodzi lokha m'nyumba muno, lokandira mandasi. Ndalitsuka bwino ndikatha. Ngati mandasi a mawa amveka tayala, Ambuye, wolakwa ndine.

Madzulo. Mapemphero a Lachitatu, mu holo ya sukulu imene mpingo wathu umabwereka. Itakwana nthawi ya zopempha, anzanga akutchula zinthu zolemera: mapepala okhalira kuno osatuluka, ntchito yatha, mwana wodwala kumudzi. Ine ndaimirira n'kutchula galasi. Manyazi andigwira nditakhala kale pansi.

Koma potuluka a Chikaonda, mkulu wa mpingo wathu, bambo wa mawu ngati bingu ndi maso ofooka, andigwira dzanja. "Chinthu chonyamula mkwatibwi sichingayende chosasanjikidwa manja. Lachisanu masana tibwera ndi abambo a mpingo." Ulemu wake! Galimoto ya a Matewere idzasanjikidwa manja ndi ndani?

Ganizo limeneli si labwino. Ndalibweza. Koma ndi loona.

LACHINAYI

M'mawa. Che Saidi atanganidwa, atumiza uthenga wa mawu pafoni, wautali ngati ulaliki wa pamaliro. Akuti: mphira ivekedwe kuzungulira galasi, chingwe chilowe mumpata wa mphirayo, pakani sopo. Wina akhale m'kati azikoka chingwe pang'onopang'ono, wina panja azitsindira ndi zikhatho, mofewa, ngati akusisita mwana wa malungo. Ndamva! Ndazimitsa foni pakati, zotsalazo ndi malonje.

Anabanda abwerako ku renki. Ndawapempha mogwada. Alowa m'galimoto, amanga chitenje bwino, agwira chingwe. Akukoka ngati akusoka mpendero, mphira ikukwera yokha pamlomo wa chitsulo, ine ndikungotsindira panja. Kona iyi. Kona iyo. Phwa!

Lalowa! LALOWA!

Ndavina pabwalo. A Mastandi aimba nthungululu ya kwawo, aiwala za maluwa. Ndapsompsona bonati. Anabanda ati iwo sanapsompsonedwe chichokereni Khirisimasi. Ndakonza zimenezo pomwepo, a Mastandi atembenuka.

Masana. Yatsala kolomu basi. Ndaiwongola pachipika, ndaipukuta ndi mankhwala otsukira mano, ikuwala ngati mwezi. Koma mumphira siikulowa. Ndikalowetsa uku, uko kwatuluka. Ndayesa sopo, ndayesa mafuta ophikira, ndayesa kuinyengerera.

Ndatsegula uthenga uja kuti ndimve kotsalako. Mawu a Che Saidi: "Koma chachikulu, achimwene, kolomu iyambe yalowa mumphira galasi lisanakwere pagalimoto. Mukaiwala chimenechi, ndiye kuti litulukenso."

Ndikudziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Anabanda: "Lisiyeni choncho. Mkwatibwi sakwera kolomu." Mkazi wanzeru. Ndavomera. Nkhani yatha. Mtendere wadzaza mtima wanga.

Kenako kwatulukira a Matewere, akuti adzakambirane za nkhuku za Loweruka. Aima, manja kumbuyo, azungulira Adona pang'onopang'ono ngati ogula ng'ombe. "Eya, mwayesetsa, a nkhoswe anzanga. Mphira yakudayi ikukhala ngati ya galimoto zija zonyamula maliro, koma anthu sadzaona."

Litulukenso.

Madzulo. Che Saidi afika ataweruka. Sanandikalipire. Potenga nyundo m'bokosi apeza supuni ija, aiyang'ana nthawi yaitali, aibwezera. Talitulutsa galasi bwinobwino. Awongola kolomu ndi kanyundo kamtengo, gogo, gogo, ailowetsa mumphira kuzungulira galasi lonse. Kukongola kwake! Ngati mkanda pakhosi pa mfumukazi!

Tikuti tiike, magetsi athima dera lonse, dzuwa nalo lalowa. Che Saidi: "Mawa ndikatuluka ku mzikiti ndibwera tidzaike. Musakhudze. Mwamva, achimwene? Musakhudze."

Ndalonjeza. Galasi labwerera pabedi, tsopano lovala ndi zokongoletsa zomwe. Anabanda akuti posachedwa liyamba kufuna tiyi.

LACHISANU

M'mawa. Anabanda apita kukalangiza Tadala pamodzi ndi amayi anzawo, akagona komweko. Mawu awo otsiriza pageti: "Musakhudze." Anthu onsewa akundiyesa mwana.

Ndatsuka matayala. Ndasita maliboni. Ndapukuta magetsi akutsogolo. Sindinakhudze. Ndangovundukula bulangete pang'ono kuti ndione ngati lili bwino.

Masana. Ambuye, ndilemba zonse mwandondomeko.

A Chikaonda afika ndi abambo atatu a mpingo, onse m'majekete. Ndinali nditaiwaliratu! Che Saidi ali ku mzikiti. Ndafotokoza mwaulemu kuti tidikire mmisiri. A Chikaonda: "Kodi alipo mmisiri woposa amene tabwera naye ife?" Ungayankhe chiyani pamenepo? Ndiponso akuti sangasanjike manja pa bowo. Munthu wamkulu wabwera pa tekisi, dzuwa lili paliwombo, ungamuuze kuti akhale pandowa adikire mzikiti utuluke?

Komanso, ndivomere, ndinkafuna Che Saidi adzapeze ndamaliza.

Tanyamula galasi. Chingwe mumphira, sopo m'mbali. Ine m'kati, abambo anayi panja, zikhatho pagalasi. Ndawauza kuti mofewa, ngati kusisita mwana. Pansi palowa bwino. Kona yoyamba yalowa! Ndikuona kale nkhope ya Che Saidi.

Pamenepo a Chikaonda ayang'ana uku ndi uku, aona zikhatho zonse zili pagalasi. "Abale, manja ali kale pamalo pake. Tiyeni titseke maso."

Ndatseka maso. Ndikanatani? Chiyambire Sande sukulu sindinatsegulepo maso pa pemphero. Ndikukoka chingwe osaona, ndikuyankha Ameni.

Pemphero layamba pansipansi. Tadala, mkwati, mayi ake ku Balaka, mvula ya kumudzi. Kenako layamba kukwera. Akudzudzula mzimu wa ngozi. Mzimu wa matalala. Mzimu wa apolisi apamsewu. Abambo aja atenthedwa nawo, akutsindira ndi chikhulupiriro chonse, Adona akugwedezeka ngati bwato. "Tuluka!" Khofi pagalasi. "Ndati tuluka!" Lina. Dzanja la a Chikaonda, lovala mphete.

Tswii.

Kaphokoso kakang'ono, ngati waponda chigoba cha dzira. Ndakamva m'mano. Koma pemphero la mkulu wa mpingo salidula. Ndakhala choncho, chingwe m'manja, maso otseka, misozi ikutsikira m'khosi, mpaka atapempherera ndi oyenda panyanja omwe.

Ameni.

Mng'alu kuchokera pakona mpaka pakona, wanthambi zake, woposa uja wa matalala. A Chikaonda ayandikiza nkhope, aufufuza ndi chala. "Mwaona? Mdani watuluka mokwiya. Koma ndikuuzani ine, mawa mng'alu uwu simudzauonanso." Abambo aja ati Ameni akuyang'ana nsapato zawo.

Ndawaphikira tiyi. Ndi mandasi. Mmodzi akuti akumveka tayala.

Madzulo. Che Saidi afika mu mkanjo woyera. Aima pageti. Ayang'ana galasi, ayang'ana ine, ayang'ana makapu a tiyi. "Mwaitana kale akuluakulu, ine ndiwonjezerenji?"

Akuti mbali ya m'mwamba sinalowe, ndipo kutsindiranso n'kulimaliza. Pa bampu yoyamba lidzagwera pamiyendo ya anthu. Pochotsa lapindika pakati ngati katoni yonyowa. Ndalifunditsa thumba kuseri kwa chimbudzi, pafupi ndi lakale. Manda a banja.

Ndawaimbira Anabanda. Kumbuyo kukumveka amayi akuimba nyimbo za chilangizo. Kenako: "Mawu munapereka pamaso pa ankhoswe. Mwana wauza kale mayi ake. Ikani kolomu yanuyo, paja ndiyo munkaifuna."

Ndiye Che Saidi amata mphira ndi kolomu kuzungulira bowo lopanda kanthu, akupukusa mutu, akuti wina akadzafunsa iwo sandidziwa. Atamaliza ndabwerera m'mbuyo mpaka pageti kuti ndione.

Ambuye, ndikhululukireni. Zikuoneka bwino kwambiri.

LOWERUKA

M'mawa. Kumwamba kwayera mbee! Maliboni kuchokera pamphuno ya bonati mpaka pa mawindo a m'mbali. Kolomu ikuthobwa m'maso. Ndavala suti, ndi magalasi akuda a Che Saidi chifukwa cha fumbi.

Tadala watuluka mu diresi loyera, mtima wanga wangoti phwii. Anabanda anamuuza kale. Wayandikira, walowetsa dzanja pabowo, wandipatsa moni kudzera momwemo, waseka mpaka amayi amukalipira kuti awononga zopaka kumaso. "Amalume, bola mundifikitse." Wakhala kumbuyo, Anabanda pambali pake agwira velo ndi manja onse awiri.

Tikuyenda njira zakuseri, liwiro la munthu wokankha wilibala. Ntchentche imodzi ndameza. Fumbi, utsi wa nyama yowotcha, nyimbo za m'mabwalo a anthu, dera lathu lonse la Wattville likulowa molunjika kumaso kwanga. Mayi wa pa kagolosale ka spaza watuluka akukupiza nsalu, "Halala!" Hutala ya Adona ikulira ngati ng'ombe yaikazi. Anthu akujambula! Kumbuyo Tadala wakweza foni: "Amayi, onani, ndili mwa Adona!" Ndamva mlongo wanga ku Balaka akulira n'kumaseka nthawi imodzi, ndi nthungululu za anansi. Magalasi akuda andithandiza.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino.

Pa holo ndaimika patali, pansi pa mtengo cha kumpanda. A Matewere ali pakhonde, aphimba dzuwa ndi dzanja. "Iii, koma galasi ndiye mwapukuta, a nkhoswe anzanga!"

Ndati zikomo.

Ndati zikomo, Ambuye. Ndadzimva ndekha.

Pamenepo atuluka a Chikaonda. Aima. Atsinzinira maso cha kumtengo. Ndodo yawo yagwa. "Wachoka! Abale, mng'alu wachoka! Sindinanene dzulo ine?" Abambo atatu aja, mboni zoona ndi maso, ayang'ana, pakamwa yasaa. Nthungululu! Akazi a a Matewere agwada pafumbi ndi diresi latsopano. Amayi ayambitsa nyimbo yothokoza. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene, ndithu ndinatsegula, koma akwaya anali atayamba kale kulowetsa mkwatibwi, ndipo nkhoswe amafunika kutsogolo.

Ndakhoma zitseko zonse ndi kiyi, ndayesa chilichonse ngati chakhomeka, ndalowa. Ndili kale pa benchi ndi pamene ndazindikira kuti ndakhoma galimoto yoti mbuzi ikhoza kulowa osawerama.

Masana. Ukwati wadalitsidwa! Tadala wayankha momveka, mkwati ndiye anachita kubwerezetsedwa. Pa perekani-perekani ndikuvina chammbali, diso limodzi pawindo. Aliyense akalunjika kumtengo kuja ndikuthamanga kukamubweza. Ndikuti pamenepo pali njuchi.

Inalipo imodzi.

Nkhuku sindinailawe. Mawu a malume ndalankhula mwachidule, anthu akuti sanandionepo wodzichepetsa chotero.

Madzulo. Mitambo yakuda ikusonkhana chakum'mawa. Akwati anyamuka pa galimoto ija ya mphepo yozizira, monga tinagwirizana. Tadala wandinong'oneza pawindo: "Mphepo ya Adona inali yabwino kuposa iyi, amalume."

A Matewere andiperekeza kumtengo, dzanja paphewa langa. Akupepesa kuti anandiseka. Akuti lero aona ndi maso awo kuti ndine munthu wa Mulungu. Ndisanawagwire atulutsa kale mpango m'thumba, akuti apukuteko kafumbi, nawonso alandireko dalitso.

Dzanja lalowa mpaka m'chigongono. Lakagwira chiwongolero.

Tayang'anizana. Kumbuyo kwathu akazi awo akuimbabe nyimbo ija. Atulutsa dzanja pang'onopang'ono, apinda mpango bwinobwino, aubwezera m'thumba. "A Chikaonda akuti Lachitatu mudzapereka umboni. Ndidzakhala kutsogolo."

Mvula yatipeza panjira. Anabanda atambasula ambulera m'kati mwa galimoto. Ine mwachizolowezi ndayatsa mawaipa. Apalasa m'malere ngati akutsanzika anthu, kenako imodzi yagwera m'kati n'kundimenya pamphuno. Anabanda aseka kuchokera pamenepo mpaka pageti. Sindinawamvepo akuseka chotero chifikireni ku Joni.

LAMULUNGU

Mipando yachikopa ili padzuwa. Chingwe ndabweza, makatani a a Mastandi ali pa chingwe chonunkhira sopo. Bulangete labwerera kwa mwini wake. Ine ndabwerera pabedi, kumphepete. Za supuni ndaulula. Akuti ankadziwa kuyambira Lachitatu.

Kutchalitchi ndapita wapansi. Pa zolengeza a Chikaonda aimirira, nkhope ikuwala. Lachitatu likudzali m'bale wathu adzapereka umboni, ndipo adzaimika Adona pakhomo penipeni pa holo, kuti odwala ndi onse amene mapepala awo akuchedwa adzakhudze galasi lochiritsidwa. Anthu aomba m'manja. Mayi wina akuti akatenga apongozi ake a nyamakazi ku Tembisa. A Matewere si a mpingo wathu, koma lero anabwera. Andikwezera dzanja. Lomwe lija.

Abambo atatu aja akundizemba. Ndikuganiza kuti mmodzi anapita kumtengo kuja, njuchi sanaiope.

Anabanda: "Njira ndi ziwiri. Kunena zoona, kapena kusamuka. Ine katundu sindimanga."

Che Saidi akuti amva za galasi lina kutali ndithu, koma mwini wake sakuyankha foni. Akutinso likapezeka adzaika okha, ine ndili m'nyumba, chitseko chokhoma, kiyi kwa a Mastandi. Ndipo akuti galasi limatseka mphepo, bodza ayi. Ndawauza kuti ulaliki ndamva kale m'mawa.

Tadala anakwera Adona. Mayi ake anaona. Zimenezo palibe angazing'alule.

Zotsalazo ndikuzidziwa. Ndiyenera kuimirira pamaso pa mpingo, a Matewere ali kutsogolo, n'kunena za kolomu, za zikomo uja, ndi za njuchi. Za mphete sindidzatchula, munthu wamkulu uja anabwera pa tekisi dzuwa lili paliwombo. Ndayeserera mawu anga masana ano, nditaima kutsogolo kwa Adona. Akumveka bwino mpaka mpando wakumbuyo. Palibe chowatchinga.

Ambuye, Inu mukuona zonse, ngakhale zimene palibe. Nditumizireni chimodzi mwa ziwiri: galasi, kapena kulimba mtima. Ndikudziwa chimene Inu mumakonda kutumiza, ndipo sindikukana. Komabe ndiyankheni pofika Lachiwiri m'mawa, chifukwa likakhala galasi, pafunika tsiku loikira.